MSONKHO PA MSIKA WA PA INTANETI

Munthu ali yense amene anagulitsapo nsomba kapena ndiwo pa msika wa m'komboni adziwa kuti asanayale bwino katundu wace, kapitao wa msika amafika ndi buku lace la matikiti. Masiku ano kuli misika ina yopanda mpanda, imene munthu amalowamo ndi foni kapena kompyuta. Amazon, eBay ndi Etsy ndiyo ina ya misika yotere. Woluka madengu ali m'dziko lace, wogula ali ku London, ndipo awiriwa saonana maso konse. Dengu limayenda pa positi, ndalama zimadzera kwa mwini msika. Anthu ambiri amayesa kuti kumeneko kulibe wokhometsa msonkho. Alipo ndithu, ndipo macitidwe a dziko la Britain aonetsa bwino m'mene agwirira nchito yace.

Ku Britain kuli msonkho wochedwa VAT, umene umaikidwa pamwamba pa mtengo wa cinthu cogulidwa. Pa zinthu zambiri msonkhowu ndi mapaundi 20 pa mapaundi 100 ali onse. Wolipira ndiye wogula. Wa sitolo angolandira ndi kukapereka ku Boma. Caka ca 2021 cisanafike, kaphukusi kocokera kunja kosapitirira mapaundi 15 kanali kulowa popanda msonkho umenewu. Amalonda ena akunja anaonapo mpata. Ena anali kulemba mtengo wocepa pa phukusi la mtengo wapatali. Ena anali kusunga katundu wao m'nyumba zosungiramo za ku Britain komweko, osalembetsa maina ao ku Boma. Potero wa sitolo wa m'dzikomo, wopereka msonkho mokhulupirika, anaoneka ngati wodulitsa zinthu. M'caka ca 2017 ofesi yopenda mabuku a ndalama za Boma, ya National Audit Office, inalengeza kuti m'caka ca 2015 mpaka 2016 Boma linataya pakati pa mapaundi 1 biliyoni ndi 1.5 biliyoni mwa njira zotere.

Koma kulondola munthu wokhala kutsidya kwa nyanja nkobvuta, pakuti mthenga wa Boma sangakagogode pa khomo lace. Cifukwa cace Boma linatembenukira kwa mwini msika. Munthu wa nchito ya pa mgodi adziwa macitidwe amenewa: iye sanyamula msonkho wace kupita nao ku Boma, koma kampani imaudula pa malipiro ace asanawalandire. Momwemonso, kuyambira pa 1 January 2021, ufulu uja wa mapaundi 15 unatha, ndipo mwini msika anasanduka wokhometsa msonkho.

Lamulo lace liri lotere. Ngati phukusi locokera kunja silipitirira mapaundi 135, mwini msika amaonjeza VAT pa nthawi yogula, natumiza ndalamazo ku HMRC, ndiyo ofesi ya msonkho ya ku Britain. Dengu la mapaundi 50, posawerengera positi, wogula amalipira mapaundi 60. Mapaundi 10 ndi a Boma, ndipo safika m'manja mwa woluka ai. Pa mapaundi 50 otsalawo mwini msika amatapapo gawo lace, napereka zotsala kwa woluka.

Malire a mapaundi 135 awerengedwa pa phukusi lonse, si pa cinthu cimodzi cimodzi. Munthu mmodzi akagula madengu atatu otere, ndipo onse amangidwa pamodzi, mtengo wafika pa mapaundi 150. Pamenepo mwini msika satenga msonkho. Umatengedwa pa cipata ca dziko, ndipo nthawi zina pamakhalanso msonkho wa kasitomu. Kawirikawiri a positi amauza wogula kuti ayambe walipira asanalandire phukusi lace. Wogula amene sanacenjezedwe amakwiya nalikana. Phukusi limabwerera, ndipo wogulitsa wataya ndalama za positi pamodzi ndi mbiri yace pa msikapo.

Wamalonda amene nchito yace yakula amafuna kusunga katundu ku Britain komweko kuti azifika msanga kwa ogula. Walira mvula walira matope. Katunduyo amalipiridwa msonkho polowa m'dziko, ndipo mwini wace ayenera kudziwika ku HMRC ndi kusunga mabuku a malonda ace zaka 6. Wamalonda wa ku Britain saumirizidwa kulembetsa VAT kufikira malonda ace atapitirira mapaundi 90,000 pa caka, malire amene anaikidwa m'caka ca 2024. Koma wa kunja alibe mpumulo umenewu, ngakhale agulitse pang'ono. Cimodzimodzinso amene agulitsa pa tsamba lace la pa intaneti, osadzera pa msika wa wina: pa maphukusi osapitirira mapaundi 135 iye yekha ndiye wolembetsa, wotenga msonkho ndi wotumiza.

Maiko a ku Ulaya a m'cigwirizano ca European Union anatsata njira yofanana pa 1 July 2021. Anathetsa ufulu wa tumaphukusi tosapitirira mayuro 22, nakonza kuti pa maphukusi osapitirira mayuro 150 msonkho uzitengedwa pa nthawi yogula, mwa dongosolo lochedwa IOSS. Msonkhowo umatsata dziko la wogula: ku Germany ndi 19 pa 100, ku France ndi 20. Mwini msika amapatsa wogulitsa nambala ya IOSS, ndipo wogulitsa ayenera kuipereka kwa onyamula phukusi. Akaiwala, a kasitomu sadziwa kuti msonkho unaperekedwa kale, ndipo wogula amalipira kawiri. Ku America nako, maphukusi osapitirira madola 800 anali kulowa popanda msonkho wa kasitomu, koma Boma linaletsa zimenezi pa 29 August 2025.

Mwini msika sangotenga msonkho wokha. Alinso kalaliki wa Boma. Kuyambira 2023 ku European Union, ndi 2024 ku Britain, eni misika alamulidwa kulemba maina a ogulitsa, kumene akhala, nambala zao za msonkho ndi ndalama zimene alandira, ndi kupereka zonsezi kwa akulu a msonkho caka ndi caka. Amene agulitsa zinthu kosafika 30 pa caka, ndipo ndalama zace sizipitirira mayuro 2,000, saikidwa m'kaundula ameneyu. Ici ndico cifukwa cace msika umafunsa ciphaso ca munthu, ndipo wokana kuyankha amatsekeredwa sitolo yace, kapena ndalama zace zimagwidwa kufikira atayankha.

Pali cinthu cimodzi cimene cimasoceretsa ambiri. VAT imene mwini msika atenga ndi msonkho wa wogula, wopita ku Boma la wogulayo. Sicotsa msonkho wa phindu umene wamalonda ayenera kupereka kwao. Wogulitsa wokhala m'Zambia akali ndi mangawa ace ku Zambia Revenue Authority, kumene adziwika ndi nambala yace ya TPIN, ngakhale ogula ace onse ali kutsidya kwa nyanja.

Tsono wamalonda wanzeru, asanaike mtengo pa dengu lace, amayamba wafunsa kumene lipita, mtengo wa phukusi lonse, ndi amene adzatenga msonkho. Pa cikalata ca kasitomu amalemba dzina loona la cinthu ndi mtengo woona, pakuti mtengo wonama umagwiritsa katundu pa cipata. Amasunganso malisiti ace onse, nawerenganso malamulo caka ndi caka, popeza amasinthika kawirikawiri. Akulu anati safunsa anadya phula.