CENJERANI NAYO NYAMA YA MVUU YODZIFERA KUMALAMBO

Mwezi wa September ukafika, mtsinje wa Luangwa umaphwa, ndipo mvuu zimaunjikana m'maiwe ocepa amene atsala. Iyi ndiyo nyengo imene anthu a kumalambo, m'maiko a Mfumu Kazembe, Mfumu Chitungulu ndi Mfumu Mwanya, nthawi zina amadzuka m'mawa ndi kupeza mvuu itafa yokha pamcenga, yopanda bala la mfuti kapena la mkondo. Mbiri yotere sicedwa kuwanda. Amuna amanola nkhwangwa ndi mipeni, amai amakonza mitanga, ndipo nyama yotsala ikawambidwa pamoto ikhoza kukwera mapiri kufikira m'midzi ya kumtunda. Maiko a mafumu amenewa anali m'boma la Lundazi kufikira m'caka ca 2018 pamene boma la Lumezi linakhazikitsidwa, koma njira, misika ndi cibale zikali zimodzi, kotero kuti cimene cagwa kumalambo sicicedwa kufika pakhomo pa munthu wa ku Lundazi.

Akatswiri a sayansi akhala akufufuza za imfa ya mvuu zimenezi kwa zaka zambiri. Zimene apeza zalembedwa m'magazini a maphunziro apamwamba, momwe nkhani siisindikizidwa kufikira akatswiri ena, amene sanagwire nao nchitoyo, ataiwerenga ndi kuvomereza kuti umboni wace ndi wokwanira. Tiyeni timve zimene iwo akunena, popeza zikukhudza mphika wa ndiwo wa banja lirilonse.

MLIRI WAKALE M'CIGWA

Nthenda imene imapha mvuuzi ikuchedwa anthrax. Dzinali linacokera ku mau a Cigriki otanthauza khala, cifukwa ca cilonda cakuda cimene nthendayi imaturutsa pakhungu la munthu. Siinayambe lero m'cigwa cathu ai. Pakati pa June ndi November m'caka ca 1987, mvuu zoposa 4,000 zinafa mu Luangwa, ndipo lipoti la akatswiri limene linaturuka mu 1991 linanena kuti anthrax ndiyo inazipha.

M'caka ca 2011 mliri unabukanso m'boma la Chama, kumpoto kwa Lundazi. Mvuu 85 zinafa, anthu 511 anadwala, ndipo asanu mwa iwo anamwalira. Gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Bernard Hang'ombe wa pa sukulu ya madokotala a ziweto ku University of Zambia linayesa zimene linatenga kwa odwala, pa mitembo ya mvuu ndi m'dothi, ndipo konseko linapezamo kacirombo kamodzimodzi kochedwa Bacillus anthracis. Zimenezi zinasindikizidwa mu 2012.

KACIROMBO KOGONA M'NTHAKA

Kacirombo kameneka n'kakang'ono kosaoneka ndi maso, ndipo kanadziwika bwino m'caka ca 1876 pamene dokotala wa ku Germany, Robert Koch, anaonetsa m'mene kamakhalira. Kakalowa m'thupi la nyama kamaswana m'magazi mofulumira kwambiri, kufikira nyamayo itagwa ndi kufa. Magaziwo akaturuka kunja ndi kukomana ndi mpweya, kacirombo kamadzikuta m'cikhungwa colimba ndi kusanduka ngati njere. Njere zimenezi siziopa dzuwa kapena cilala, ndipo zimagona m'nthaka zaka makumimakumi kudikira nyama ina.

Apa ndipo pagona nkhani. Mtembo wa nyama ukasiyidwa wosatumbulidwa, tizirombo tambiri timafera m'kati momwemo pamene nyama ikuola. Koma mpeni ukangolowa, magazi amakhetsekera pansi, ndipo malowo amasanduka munda wa nthenda. Munthu wosenda mvuu yodzifera amadziika yekha m'tsoka, ndiponso amafesera ana ace ndi ziweto zace tsoka la zaka za m'tsogolo.

Nanga n'cifukwa ninji mliri umakonda cirimwe? Msipu ukatha, mvuu zimadya udzu waufupi kufikira kumizu, ndipo zimameza dothi pamodzi ndi njere zija. Ku Etosha, m'dziko la Namibia, Wendy Turner ndi anzace anachera makamera pamalo pamene panafera mbidzi za anthrax. M'lipoti lao la mu 2014 anaonetsa kuti pamalo otere pamamera udzu wobiriwira bwino cifukwa ca manyowa a mtembo, ndipo nyama zimakopeka kukadya pomwepo koposa pamalo ena. Mu 2016 akatswiri ena, pamodzi ndi a Hang'ombe, analembanso kuti mvuu, ngakhale timaidziwa ngati nyama yodya udzu, nthawi zina imadya mitembo, ngakhale ya mvuu inzace, ndipo khalidwe limeneli likhoza kufalitsa nthenda m'dziwe lonse.

NJALA NDIYO IMATUMA

Kufufuza kumene kuyenera kutigwira mtima koposa ndi kumene kunaturuka m'caka ca 2017 m'magazini ya Emerging Infectious Diseases. Akatswiri a bungwe la CDC la ku America, pamodzi ndi anzao a muno m'Zambia, anayenda khomo ndi khomo m'midzi ya ku Chama imene inagwidwa ndi mliri wa 2011, ndipo anafunsa anthu 284. Mwa anthu 100 alionse, 84 anavomera kuti anadyako nyama ya mvuu mliri usanabuke. Anapezanso kuti nthenda inagwira kwambiri amene anadya nyamayo, amene anaisenza ndi amene anaikonza.

Pamene anawafunsa ngati angadyenso mvuu yopezeka itafa, anthu 23 mwa 100 alionse anayankha kuti inde, angadyenso.  Cifukwa cimene ambiri a iwo anapereka, ndiye kuti 73 mwa 100, cinali kusowa kwa cakudya; ena anachula kusowa kwa nyama ndi njala. Motero akatswiriwo anatsiriza ndi mau akuti mliri sungathe ndi macenjezo okha, koma kuti madipatimenti a za umoyo, za ulimi ndi za nyama za m'thengo agwirizane kuthetsa njala imene imatuma anthu kumtembo.

Wakhala kumalambo adziwa kuti mau amenewa ndi oona. Kashembe amaletsa kuweta ng'ombe m'madera ambiri, njobvu ndi mvuu zimaononga minda, madzi osefukira amakokolola mbeu, ndipo kusaka nyama popanda cilolezo ndi mlandu. Mai amene ana ace atha sabata akudya nsima ndi masamba okhaokha sangaione mvuu yakufa monga m'mene amaionera munthu wa m'tauni. Koma akulu anati tsoka silinunkha, ndipo nyama ya anthrax imaoneka ngati nyama ina iriyonse.

Cenjezo linabweranso m'caka ca 2023. Bungwe la za umoyo la dziko lonse lapansi, World Health Organization, linalengeza kuti pofika pa 20 November caka cimeneco, anthu 684 anali ataganiziridwa kuti ali ndi anthrax m'zigawo 9 mwa zigawo 10 za dziko lino, ndipo anai anali atamwalira. Mliri umenewo unakula kwambiri ku Sinazongwe, m'Cigawo ca Kum'mwera, ndipo kumenekonso ena anadwala atadya nyama ya mvuu zodzifera.

ZIZINDIKIRO ZACE

Nyama ya anthrax imafa mwadzidzidzi, kawirikawiri yosaonetsa kudwala. Magazi akuda osaundana amaturuka m'mphuno, m'kamwa ndi kumatako, mimba imatupa msanga, ndipo mtembo suuma gwa monga mwa masiku onse. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa nazonso zimafa motere.

Kwa munthu, nthenda imalowa pakhungu, m'mimba kapena m'mapapo. Ya pakhungu ndiyo yofala: patapita masiku owerengeka munthu atakhudza nyama, pamaturuka kacotupa koyabwa, kamasanduka thuza, kenaka cilonda cakuda pakati, cotupa m'mbali koma cosapweteka kwenikweni. Kusapwetekako ndiko kumanyenga ambiri kuti acedwe kunyumba. Ya m'mimba imadza ndi kutentha thupi, kusanza, kupweteka kwa m'mimba ndi kutsegula kwa magazi, ndipo ndi yoopsa kuposa ya pakhungu. Kuwamba kapena kuyanika nyama sikupha njere za kacirombo, ndipo kuphika kwa masiku onse sikungadaliridwe. Cikopa naco cimasunga nthenda.

Cokondweretsa ndi cakuti mankhwala alipo. Odwala ambiri a ku Chama anacira atalandira mankhwala opha tizirombo, ndipo nthendayi siikonda kucoka kwa munthu kupita kwa mnzace, kotero palibe cifukwa cosala wodwala.

COCITA

Mukapeza nyama itafa yokha, ya m'thengo kapena ya m'khola, musaikhudze, musaitumbule, ndipo letsani ana ndi agaru kufikapo. Dziwitsani a nyakwawa, ndipo iwo atumize mau kwa alonda a nyama za m'thengo kapena kwa alangizi a za ziweto, amene adzatsogolera nchito yotentha mtembowo kapena kuukwirira m'dzenje lakuya. Musagule nyama youma imene simudziwa kumene yacokera, ngakhale mtengo wace utsike bwanji. Amene wakhudza kale nyama yotere ndipo waona cilonda kapena wamva m'mimba, apite kucipatala tsiku lomwelo ndi kuuza anamwino zoona zace zonse.

Alimi a ng'ombe a kumtunda akumbukire katemera. Katemera amene amabaya ziweto anapangidwa ndi Max Sterne ku Onderstepoort, m'dziko la South Africa, m'zaka za m'ma 1930, ndipo amafunika kubwereza caka ndi caka.

Potsiriza, ndiwo za cirimwe zimakonzedwa m'dzinja. Banja limene lasunga nyemba, nshawa, khobwe ndi mfutso, ndipo liri ndi nkhuku pakhomo, likhoza kuipitirira mvuu yakufa osaceuka. Mafumu, makomiti a citukuko ndi alangizi a zaulimi aikepo mtima pa nchito imeneyi mvula isanagwe, kuti September wa caka ca mawa adzapeze nkhokwe za kumalambo ziri ndi kanthu.