Ufa Woyera Woimitsa Mtima

Mu June 1986, Len Bias, katswiri wa basketball wa zaka 22 ku America, anamwalira patangopita masiku awiri timu ya Boston Celtics itamusankha. Anali atagwiritsa ntchito kokeni.

Ufawu umachokera ku masamba a coca, olimidwa kwambiri ku Colombia, Peru ndi Bolivia. Umafinya mitsempha ya magazi, mtima n'kumathamanga mopitirira muyeso. Munthu angathe kufa ziwalo kapena kugwa osadzukanso, ngakhale koyamba komweko. Chisangalalo chake ndi cha mphindi 30 mwina. Chotsala ndi nkhawa, kusowa tulo ndi chibaba.

Ife ophunzitsa zaumoyo kumpingo timalimbikira za fodya ndi mowa, izi n'kumazilumpha, ati ana athu sizingawafike. Mwana akayamba kuonda, kutuluka kamfuno pafupipafupi, ndalama n'kumasowa m'nyumba, tisathamangire kumukalipira. Tikhale naye pansi, kenako tipite naye kuchipatala.