Babu lobisika m'siling'i: mdani wa mayunitsi ndi denga

Tsoka silinunkha, adatero akuluakulu. Koma la babu la halogen limayamba lanunkha ndithu: kafungo ka pulasitiki wopserera kochokera kudenga, kenaka kabwalo kakuda pasiling'i mozungulira getsi.

Pa Khonjeni m'boma la Thyolo, pomwe padadutsa njanji yochokera ku Limbe kudzera pa Luchenza, nyumba za siling'i si zachilendo. Zilipo za makedzana m'maesiteti a tiyi, ziliponso zamakono zomwe amanga a bizinesi ndi obwera ku Joni. M'nyumba zina zotere, mababu salendewera pa waya ayi, adawalowetsa m'timaenje ta siling'i kuti pabalaza pazioneka mwachizungu. Nkhope ya babu imayang'ana pansi, koma msana wake uli m'denga momwe diso silifika.

Apa ndiye pagona nkhani. Babu la halogen limawala chifukwa kawaya ka m'kati mwake kapsa psuu. Mwa magetsi omwe limadya, ambiri amangosanduka kutentha, ndipo galasi lake limatha kupyola madigiri 200. Pomwe madzi amawira pa madigiri 100 okha.

Thyolo ndi dera lozizira, makamaka mu June ndi July chiperoni chikamawomba. Pofuna kusunga kafundidwe m'nyumba, ena amayala zinthu pamwamba pa siling'i: ubweya wagalasi wogula m'mashopu a zomangira, makatoni, ngakhale masaka. Makoswe nawo amatutirako mapepala ndi masamba ouma. Zonsezi zikakuta msana wa babu, kutentha kumasowa kothawira. Mawaya amasungunuka, matabwa amauma gwaa, ndipo moto ukayambira m'denga eni nyumba amazindikira mochedwa, nthawi zambiri ali mtulo.

Kupatula moto, pali nkhani ya m'thumba. Nyumba ya mababu 6 a halogen a mawati 50, oyaka maola 5 patsiku, imatha yuniti imodzi ndi theka tsiku lililonse. Pamwezi ndi mayunitsi 45 ongounikira basi. Babu la LED la mawati 5 limawala pafupifupi chimodzimodzi, ndipo 6 otere amadya mayunitsi 4 ndi theka pamwezi. Halogen amakhala maola pafupifupi 2,000, pomwe LED wabwino amafika maola 15,000 kapena kuposa. N'chifukwa chake maiko a European Union adayamba kuletsa malonda a mababu ambiri a halogen mu September 2018.

Kuno kwathu kusintha mababu kudayamba kale. M'zaka za 2011 ndi 2012, bungwe la Escom mothandizidwa ndi boma la Britain lidagawa mababu opindikapindika aja, a CFL, pofuna kuchepetsa kuthimathima kwa magetsi madzulo. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu January 2022, aliyense adaona kuti magetsi si ofunika kuwamwaza. LED adabwera pambuyo pa CFL. Akatswiri atatu ochokera ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, adalandira mphotho ya Nobel mu 2014 kaamba ka luso lomwe lidabala kuwala koyeraku.

Komatu safunsa adadya phula. Kusintha babu la m'siling'i kuli ndi malamulo ake.

Choyamba ndi kuthimitsa magetsi a nyumba yonse pa bokosi lalikulu, osati pa switchi ya pakhoma yokha, n'kudikira kuti babu lakalelo lizizire.

Chachiwiri ndi kuyang'ana miyendo ya babulo. La timiyendo tiwiri tonenepa, lochita kupotokola, limatchedwa GU10 ndipo limalandira magetsi a 230 volts mwachindunji. Ili n'losavuta: kuchotsa lakale, kuika LED wa GU10. La timapini tiwiri towonda, longozula, ndi MR16 ndipo limayendera 12 volts kudzera pa kathiransifoma kobisika m'denga. Kathiransifoma kakale nthawi zina sikagwirizana ndi LED, choncho getsi limaphethira kapena kukana kuyaka. Apa mpofunika mmisiri wamagetsi wa chiphaso cha bungwe la Mera, osati mnyamata wapakhomo wodziwa kulumikiza wailesi. Mmisiriyo aonenso ngati mawaya ndi zogwirira babu sizidapserere kale.

Chachitatu, LED nayenso amafuna mpweya. Satentha ngati halogen, koma kumsana kwake kuli timakina tomwe timafa msanga tikafunditsidwa. Pokhapokha ngati pa katoni palembedwa kuti nyaliyo ikhoza kukutidwa, zofunda za pasiling'i zitalikirane nayo. Wokwera m'denga aziponda pa mitanda, chifukwa siling'i sinyamula munthu, ndipo akwere m'mamawa malata asanatenthe.

Pogula, nambala yofunika si ya mawati yokha. Kuwala amakuyeza m'ma lumens, ndipo olowa m'malo mwa halogen wa mawati 50 akhale wa ma lumens 350 mpaka 400. Wolembedwa 2700K kapena 3000K amawala mofiirira, moyenera pabalaza ndi kuchipinda. Wa 6500K ndi woyera mbee, wokomera m'khitchini, m'golosale ndi pomwe ana amawerengera. Mababu otchipa kwambiri, opanda dzina la kampani, amapezeka pamisika yambiri ndipo ena sachedwa kufa. Ndi bwino kuliyesa pomwepo ndi kusunga lisiti.

Banja lomwe silingathe kusintha onse pakamodzi liyambe ndi mababu oyaka nthawi yaitali komanso omwe ali ndi kabwalo kakuda kaja. Otsalawo adikire malipiro a mwezi wamawa.