Bernie Sanders ndi Nkhondo Yake Yolimbana ndi Ampondamatiki

Bernie Sanders ndi seneta woimira chigawo cha Vermont ku United States, ndipo akhala mu Nyumba ya Senate kuyambira 2007. Anabadwira ku Brooklyn, mumzinda wa New York, mu 1941. Anali meya wa mzinda wa Burlington, ku Vermont, kuyambira 1981 mpaka 1989, kenako phungu wa House of Representatives kwa zaka 16. Ndi woima payekha, ngakhale povota nthawi zambiri amagwirizana ndi chipani cha Democratic, chomwe anafuna kuchiimirira pa chisankho cha pulezidenti mu 2016 ndi 2020 koma osapambana. Ku America amatengedwa ngati mkulu wa andale otchedwa ma progressive, omwe amafuna kuti boma lisamangoyang'ana olemera akudya okha, koma liziteteza ogwira ntchito ndi osauka. Kaya akulankhula za msonkho, za makina kapena za thandizo lopita kumayiko ena, funso lawo limakhala lomwelo: chumachi chili m'manja mwa yani, ndipo wotsala kumbuyo ndani?

Gwero la maganizo awo onse ndi kusiyana kwa olemera ndi osauka. Ziwerengero za banki yaikulu ya dzikolo, Federal Reserve, zimasonyeza kuti mabanja olemeretsetsa, amodzi mwa 100 alionse, ali ndi pafupifupi 30 peresenti ya chuma cha dziko lonse, pomwe theka la mabanja, a m'munsi, amagawana chuma chosakwana 3 peresenti. Malipiro ochepetsetsa omwe lamulo la boma lalikulu limalola ndi madola 7.25 pa ola, ndipo sanasinthepo chiyambire 2009, chonsecho lendi ndi chakudya zakhala zikukwera. A Sanders analimbikira kwa zaka zambiri kuti malipirowa afike madola 15, ndipo tsopano akuti 17.

Mu 2019 anabweretsa ganizo la msonkho wa chuma. Uwu ndi wosiyana ndi msonkho wodulidwa pa malipiro: umawerengedwa chaka ndi chaka pa zonse zomwe munthu ali nazo, monga masheya, nyumba ndi malo. Banja la chuma choposa madola 32 miliyoni likanalipira 1 peresenti pa gawo lopitirira pamenepo, ndipo mlingowo ukanamakwera mpaka 8 peresenti pa chuma choposa madola 10 biliyoni. Chifukwa chake n'chomveka: mpondamatiki weniweni sadikira malipiro a pamwezi. Chuma chake chimakula masheya akakwera mtengo, ndipo malinga ngati sanawagulitse, palibe msonkho womukhudza. Otsutsa nawo ali ndi mfundo zosapeputsika. Kuwerengera mtengo wa kampani yomwe siigulitsidwa pa msika n'kovuta, akatswiri a malamulo sagwirizana ngati malamulo aakulu a dzikolo amalola msonkho wotere, ndipo mayiko angapo a ku Europe anauyesa n'kuusiya. Mu 1990 mayiko 12 a m'bungwe la OECD anali nawo, koma pofika 2017 anatsala anayi okha.

Chomwe chimawadetsa nkhawa kwambiri si kulemerako ayi, koma mphamvu zomwe ndalama zimagula. Chigamulo cha khothi lalikulu la Supreme pa mlandu wa Citizens United mu 2010 chinatsegula khomo loti makampani ndi magulu ena aziwononga ndalama zopanda malire pokopera anthu pa chisankho. Mu 2024 Elon Musk yekha anathira madola oposa 250 miliyoni pothandiza Donald Trump ndi anzake a Republican. Pa mwambo wolumbiritsa Trump mu Januware 2025, Musk, Jeff Bezos ndi Mark Zuckerberg anakhala moyandikana pamipando yaulemu, kutsogolo kwa ena mwa omwe anasankhidwa kukhala nduna. A Sanders akhala akubwereza za chithunzi chimenechi pamisonkhano yomwe anaitcha Fighting Oligarchy, kutanthauza kulimbana ndi ulamuliro wa olemera ochepa, yomwe ina anachititsa limodzi ndi phungu wa ku New York, Alexandria Ocasio-Cortez.

Pa nkhani ya nzeru za makina, zomwe ambiri amangoti AI, a Sanders sakana kuti lusoli lingathandize, makamaka pa zachipatala. Vuto lawo n'lakuti eni makampani opanga lusoli ndi ampondamatiki omwe aja. Mu Okutobala 2025 ogwira ntchito awo mu komiti ya Senate yoona za umoyo, maphunziro ndi ntchito anatulutsa lipoti lonena kuti AI ndi maloboti zikhoza kulanda ntchito pafupifupi 100 miliyoni ku America m'zaka khumi, kuyambira ogulitsa chakudya m'malesitilanti ndi oyendetsa mathiraki mpaka owerengera ndalama. Chiwerengerochi n'chofunika kuchilandira mosamala, poti olemba lipotilo anagwiritsa ntchito AI yomweyo, ya ChatGPT, poyerekeza, ndipo akatswiri a zachuma amasiyana kwambiri pa kuchuluka kwa ntchito zomwe zidzathe ndi zomwe zidzabadwe.

Njira zomwe amapereka ndi zosavuta kumva. Kampani ikachotsa anthu n'kuika makina, izilipira msonkho woti uthandize ochotsedwawo. Ndipo ngati makina akuchititsa kuti ntchito izitha msanga, wogwira ntchito apinduleko ndi nthawi yopuma. Mu Marichi 2024 anabweretsa bilu yochepetsa maola ogwira ntchito pa sabata kuchoka pa 40 kufika pa 32, pang'onopang'ono m'zaka zinayi, malipiro osatsika. Iwo amakumbutsa kuti malire a maola 40 anakhazikika mu 1940, kompyuta isanafike mu ofesi iliyonse. Kumapeto kwa 2025 anapita patali popempha kuti kumanga ma data centre, nyumba zikuluzikulu zodzaza makompyuta zomwe zimadya magetsi ndi madzi ochuluka, kuyambe kwaima kaye. Apa ngakhale ena a mbali yawo sanagwirizane nawo, poopa kuti China ingapite patsogolo.

Thandizo lopita kunja ndi pomwe nkhaniyi imafika pakhomo pa anthu a mayiko ngati Malawi ndi Zambia. Bungwe la USAID linakhazikitsidwa mu 1961 ndi Pulezidenti John F. Kennedy. Pa 20 Januware 2025 Trump analamula kuti thandizo la kunja liime kwa masiku 90. Mu Marichi nduna ya zakunja, Marco Rubio, inalengeza kuti 83 peresenti ya mapulogalamu a bungweli athetsedwa, ndipo pa 1 Julaye zotsalazo zinalowa mu unduna wake. Musk, yemwe panthawiyo ankatsogolera ntchito yodula ndalama za boma, anali patsogolo pa zimenezi. A Sanders anadzudzula kuti munthu wolemera kuposa onse padziko akuchotsera chakudya ndi mankhwala anthu osaukitsitsa, chonsecho thandizo lonse la kunja ndi pafupifupi 1 peresenti ya bajeti ya America, pomwe asilikali amalandira madola oposa 800 biliyoni pachaka. Kwa mayi wokatenga ma ARV kuchipatala cha kwawo, kapena wolandira neti ya udzudzu ku sikelo, ndalama zooneka zochepa ku Washington ndizo zimalipira mlangizi, galimoto yonyamula magazi okayezetsa ndi mankhwala amene. Pulogalamu yolimbana ndi Edzi ya PEPFAR, yomwe Pulezidenti George W. Bush anayambitsa mu 2003, akuti yapulumutsa miyoyo pafupifupi 25 miliyoni. Mu Julaye 2025 Nyumba ya Malamulo inabweza madola pafupifupi 8 biliyoni a thandizo la kunja omwe inali itavomereza kale, koma madola 400 miliyoni a PEPFAR anapulumuka asenate ena a Republican atakana.

Komabe si thandizo lililonse lomwe a Sanders amaliikira kumbuyo. Amasiyanitsa la mankhwala ndi chakudya ndi la zida za nkhondo. Anatsogolera chigamulo choletsa America kuthandiza Saudi Arabia pa nkhondo ya ku Yemen, chomwe chinadutsa m'nyumba zonse ziwiri mu 2019 koma Trump anachikana. Israel amalandira madola 3.8 biliyoni pachaka a zida, malinga ndi mgwirizano wa 2016, ndipo a Sanders, omwe ndi Myuda ndipo abale a bambo awo ambiri anaphedwa ndi chipani cha Nazi, akhala akuumiriza Senate kuvota zoletsa kugulitsa zida zina kudzikolo chifukwa cha imfa ndi njala ku Gaza. Mavoti onsewo anagonja. Mu Novembala 2024 asenate osakwana 20 mwa 100 ndiwo anavomereza. Mu Julaye 2025 anafika 27, omwe ndi oposa theka la a mbali ya Democratic.