Malipiro a Amayi Kunyanja: Kusiyana Kumayambira Pati?

Tikaima pa doko la Msaka kapena la Malembo mbandakucha, pamene maboti akubwera kuchokera kokoka chilimira usiku wonse, timaona ntchito imodzi imene yagawidwa pawiri. Amuna ndiwo amalowa pamadzi. Mwini boti ndi ukonde amatenga gawo lake, ndipo alovi amagawana chotsala tsiku lomwelo, ndalama ili m'manja. Amayi amadikira pamchenga ndi mabeseni awo. Iwo ayenera kugula usipawo ndi ndalama zawo, kufunafuna nkhuni zoufutsira, kuuyanika pa thandala, kenaka kuunyamula ulendo wa ku Limbe kapena ku Lilongwe. Mvula ikagwa usipa usanaume, kapena mtengo ukatsika pamsika, amene amaluza ndi mayi. Alipo amayi amene ali ndi maboti awoawo, koma ndi owerengeka.

Kodi lamulo likuti chiyani pa zimenezi? Dziko lathu linavomereza m'chaka cha 1965 pangano la bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO, lonena kuti mwamuna ndi mkazi azilandira mofanana pa ntchito yolingana. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 likunenanso zomwezo, ndipo mu 2013 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loletsa kusala munthu chifukwa choti ndi mkazi kapena mwamuna. Malamulowa ndi abwino. Koma lamulo limagwira bwino ntchito pamene pali kalata yolembera munthu ntchito ndi malipiro a pamwezi, ndipo ambiri mwa amayi a m'boma la Mangochi alibe zonse ziwirizi.

Taganizani za minda ikuluikulu ya fodya ya ku Namwera m'masiku a utenanti. Dzina lolembedwa m'buku la mwini munda kawirikawiri linali la bambo. Mayi ankadzala, kupalira, kuthyola ndi kusoka fodya, koma pakutha pa nyengo ndalama zinkaperekedwa kwa mwamuna wake, ngati kuti manja anali awiri okha. Utenanti unathetsedwa mwalamulo mu 2021. Chizolowezi choona thukuta la mkazi ngati "kuthandiza bambo" sichinathe nawo tsiku lomwelo.

Tsono tiyeni tione kwa amene anaphunzira. Mphunzitsi wamkazi ndi wamwamuna a giredi imodzi m'boma amalandira ndalama zofanana, chimodzimodzinso anamwino. Apa palibe chodandaula. Funso lathu ndi lakuti, ndi atsikana angati amene amafika pamenepo, ndipo akafika amalowa khomo liti? Sukulu ya pulayimale yaulere inayamba mu 1994, ndipo kuyambira 1993 mtsikana amene wachembeza amaloledwa kubwerera m'kalasi. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko anakonzedwa kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18. Ngakhale zili choncho, tonse tikudziwa makomo amene mtsikana amalekera Sitandade 6 kapena 7, chifukwa mnyamata wina wabwera kuchokera ku Joni ndi foni ndi malata. Mnyamata wosiya sukulu amapeza malo m'boti kapena amapita ku South Africa. Mlongo wake wosiya sukulu amapeza beseni.

Ngakhale kwa iwo amene atsiriza Folomu 4 pa St Michael's ku Malindi kapena pa St Monica, njira zimapatukana msanga. Pano pomwe tili ndi sukulu ya zausodzi ku Mpwepwe ndiponso ya oyendetsa sitima zapamadzi ku Monkey Bay. Kodi ndi makolo angati amene anayamba auzapo mwana wawo wamkazi kuti angathe kukhala kapitawo wa sitima, kapena wokonza injini? Timamuuza za kusoka, kuphika ndi kulandira alendo ku hotelo. Ntchito zimenezi n'zolemekezeka ndithu, koma si zimene zimalipira kwambiri, ndipo ife tikudziwa zimenezo pamene tikumulangiza.

Pali chinthu chinanso chimene sitikonda kuchitchula. Mayi Claudia Goldin a ku America, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2023, anaonetsa kuti kwawoko malipiro a mwamuna ndi mkazi ophunzira mofanana amayamba kusiyana kwambiri mwana woyamba akabadwa. Kwathu kuno sitifunika kupita kutali kuti tizione. Mwana akadwala, amene amagona ku chipatala ndi mayi. Mwayi wa maphunziro apamwamba ukapezeka ku Zomba kapena ku Blantyre, bambo amanyamula chikwama mawa lake, pamene mayi amayamba wafunsa kuti ana atsala ndi yani. Zaka zikamapita mwamuna uja wakwera magiredi awiri, mnzake wa m'kalasi imodzi akadali pomwe anayambira, ndipo palibe bwana amene waphwanya lamulo.

Lamulo limapatsa mayi wobereka tchuthi cha masabata 8 akulandira malipiro, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo kuyambira 2021 bambo nayenso ali ndi masabata 2. Mayi wa pa doko la Msaka alibe tchuthi chotere. Akachira pang'ono amabereka khanda kumbuyo ndi kubwerera ku thandala, pakuti usipa umene anagula pa ngongole sungadikire.