Maondo a Otsika Phiri

Papita zaka zoposa 30 chilengezere madokotala a ku Gothenburg, m'dziko la Sweden, mu 1994, kuti angathe kutapa maselo a chichereŵechereŵe cha m'bondo, kuwachulukitsa, ndi kuwabzalanso pamene panaperepeseka. Koma lero mbiri imene yawanda koposa ndi ya jakisoni wa ma stem cell, amene amati amabwezera bondo mwakale.

Wofuna kudziŵa kulemera kwa nkhaniyi akaime m'maŵa kunsi kwa damu la Mulunguzi, pamene amayi amatsika phiri la Zomba atasenza nkhuni. Tinaonapo mayi wina wa imvi zapatalipatali, mtolo wa paini wautali kuposa msinkhu wake uli pankhata, bondo lamanja atalimanga ndi kansalu kamene sikanabise zipsera za mphini. Ndipo pofika potsetsereka anayamba kutsika chammbali, natsogoza mwendo wodwalawo, kufikira anatsamiritsa mtolo pamtengo, nakhala pansi mwendo uli chiwongolere.

"Pokwera sindimva kanthu," anatero. "Koma potsika, mwanawe, m'bondomu mumachita ngati mwaloŵa mchenga."

Ananena zoona, pakuti potsika kafupa kapamwamba pa bondo kamakanikizidwa ndi mphamvu yoposa kulemera kwa thupi kangapo, ndipo chichereŵechereŵe cha kunsi kwake, popeza chilibe mitsempha ya magazi, chikaperepeseka sichipola monga lichitira bala lapakhungu.

Apa ndi pamene akatswiri amasiyana maganizo. Ena amati ma stem cell aja, maselo otengedwa m'mafuta a m'mafupa kapena m'mafuta a m'thupi, akabayidwa m'bondo, amachepetsa ululu. Ena amayankha kuti kuchepa kwa ululu si kumera kwa chichereŵechereŵe, ndi kuti umboni wakuti chimameradi sunakwane, ngakhale mtengo wa jakisoniyo ungathe kugulitsitsa munthu munda. Ngakhale opaleshoni yoboola timabowo m'fupa imameretsa chongofanana nacho, chosalimba monga chobadwa nacho. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chotero alipo amene amalangiza kuyamba ndi mafizo olimbitsa minofu ya ntchafu ndi kupepuza katundu, chinkana kuuza wodyera nkhuni kuti apepuze mtolo ndiko kumuuza kuti achepetse ufa wa ana ake.

Pamsewu wa ku Chawe anyamata amatsitsa nkhuni panjinga, zosanjikiza mpaka kupitirira mutu; koma m'tinjira tachidule, mmene njinga singapite, mukadali amayi awo.