Fakitale Yoyenga Mafuta ya Abadan ndi Mkangano wa Umwini Wake

Mafuta amene amapopedwa pansi pa nthaka, omwe amatchedwa mafuta aiwisi, amakhala akuda ndi onanda, ndipo sangayendetse galimoto kapena kuyatsa nyale kufikira atayengedwa. N'chifukwa chake dziko lokhala ndi zitsime za mafuta, koma fakitale yoyengera ili m'manja mwa alendo, limangodya nyenyeswa za chuma chake chomwe. Zimenezi zinaonekera poyera pa fakitale ya Abadan, yomwe ili pa chilumba cha m'mbali mwa mtsinje wa Shatt al-Arab, kumwera chakumadzulo kwa dziko la Iran.

Mafuta anatumphuka ku Masjed Soleyman m'chaka cha 1908, potsatira chilolezo chofufuza chimene mfumu ya dzikolo inapereka kwa William Knox D'Arcy mu 1901. Kampani ya Anglo-Persian Oil Company, imene lero imadziwika kuti BP, inayala mapaipi otalika makilomita oposa 200 kuchokera ku zitsimezo kukafika ku Abadan, kumene sitima zapamadzi zikanatha kukocheza, ndipo fakitale inayamba kuyenga mu 1912. Patangotha zaka ziwiri, boma la Britain linagula magawo 51 pa magawo 100 alionse a kampaniyo, pakuti Winston Churchill, amene ankayang'anira asilikali apamadzi, ankafuna kuti sitima zankhondo zisiye malasha n'kumayendera mafuta.

Kuyengako kumafanana ndi kutcheza kachasu, kungoti m'malo mwa chinthu chimodzi pamatuluka zinthu zambiri. Mafuta aiwisi amatenthedwa m'ng'anjo kufikira madigiri pafupifupi 350, kenaka nthunzi yake imalowetsedwa mu nsanja yaitali yachitsulo, imene imakhala yotentha kwambiri munsi ndipo imanka nizizira pokwera. Popeza mtundu uliwonse wa mafuta umasanduka madzi pa kutentha kwakekwake, gasi amatulukira pamwamba penipeni, petulo amatsatira, parafini ndi dizilo amatengedwa chapakati, pamene mafuta olemera ndi phula lothira m'misewu zimatsalira pansi. Koma nsanja yokha siitulutsa petulo wokwanira msika, choncho gawo la zotsalira zolemerazo limapititsidwa m'makina ena amene amaliphwanya ndi moto komanso mankhwala kuti lisanduke mafuta opepuka. Sulufule, amene amadya zitsulo ndi kuipitsa mpweya, nayenso amachotsedwa mafuta asanapite ku matanki. Ntchitoyi siiima usana ndi usiku, chifukwa kuzimitsa ng'anjo ndi kuziyatsanso kumatenga masiku.

Pofika m'ma 1940 Abadan inali fakitale yoyenga mafuta yaikulu koposa pa dziko lonse, ndipo inkatulutsa mafuta a ndege za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ukulu umenewu sunafike m'makomo mwa antchito a ku Iran: Angelezi ankakhala m'nyumba za kapinga ku Braim, pamene anthu wamba ambiri ankadzipanikiza m'zisakasa zopanda madzi ndi magetsi, ndipo m'zaka zina msonkho umene boma la Britain linkatolera pa kampaniyo unkaposa ndalama zimene Iran inkalandira. Sizodabwitsa kuti antchito ananyanyala ntchito mu 1946, ndiponso kuti mu 1951 nyumba ya malamulo, motsogozedwa ndi Mohammad Mosaddegh, inalamula kuti mafuta onse akhale a boma. Angelezi anachoka ku Abadan mu Okutobala chaka chomwecho, Britain inatsekereza malonda a mafuta a Iran, ndipo fakitale inatsala pang'ono kuimiratu kufikira Mosaddegh atachotsedwa pa mpando wa nduna yaikulu mu Ogasiti 1953, pa chiwembu chimene akazitape a America ndi Britain anatengamo mbali. Mgwirizano wa 1954 unabwezeretsa makampani akunja, koma phindu linayamba kugawidwa pakati.

Chimene chinaigwetsa fakitaleyi ndi malo omwewo amene anaikweza, pakuti tsidya lina la mtsinje ndi dziko la Iraq. Nkhondo itabuka pakati pa maiko awiriwa mu Seputembala 1980, pamene fakitale inali ndi mphamvu yoyenga migolo yoposa 600,000 pa tsiku, mgolo umodzi kukhala malita 159, mizinga ya Iraq inaiphwasula ndipo anthu a mumzindawo anathawa. Inamangidwanso nkhondo itatha mu 1988, ndipo ikugwirabe ntchito pansi pa kampani ya boma la Iran, ngakhale kuti ulemu wokhala fakitale yaikulu koposa tsopano uli ku Jamnagar, m'dziko la India.